Joseph II, Mfumu Imene Inagwira Khasu

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, caka ca 1769, mlimi wina wa pa mudzi wa Slavíkovice, m'dziko la Moravia, analikulima m'munda mwace m'mbali mwa mseu. Gareta wa anthu aulendo anaima pafupi, ndipo anaturukamo mwamuna wa zaka 28. Mwamunayo analowa m'mundamo, nagwira ndi manja ace khasu lalikuru lija likokedwa ndi zoweta, limene ticha pulao, nalima nalo. Ameneyo ndiye Joseph II, Kaisara wa ku Vienna. Mbiri yace inawanda m'midzi yonse, pakuti anthu anali asanamve ndi kale lonse kuti mfumu yotere idetsa mapazi ace m'munda wa munthu wosauka.

Mwezi uno tifuna kusimbira owerenga athu za moyo wa mfumu imeneyi. Siinachuka ndi nkhondo. Inachuka cifukwa inayesa kuweruza dziko monga mwa nzeru ya kulingalira, niyesa mwambo uli wonse wa makolo ngati uthandiza anthu kapena iai. Zina zinatheka, zambiri zinalephereka, ndipo mfumuyo inamwalira ndi mtima wosweka. Tiyeni tione umo zinayendera.

Dziko limene anabadwiramo

Joseph anabadwa ku Vienna pa 13 Marichi, 1741. Amace anali Maria Theresa, mfumu yaikazi ya Austria, Hungary ndi Bohemia, imene inalamuliranso mudzi wa Milan ku Italy, ndi dziko lija lichedwa Belgium masiku ano. Mai ameneyu anabala ana 16, ndipo Joseph ndiye anali woyamba wa ana aamuna. Anthu a m'maiko amenewa anali a manenedwe ambiri, ndipo dziko liri lonse linali ndi malamulo acece ndi akalonga acece, amene anasunga ufulu wao wakale ndi nsanje.

Munthu wamba wa masiku aja anasenza akatundu atatu olemera. Woyamba unali thangata. Minda inali ya akalonga, ndipo mlimi anayenera kugwira nchito m'munda wa mbuye wace popanda malipiro, iye pamodzi ndi zoweta zace. M'madera ena, makamaka ku Bohemia, sanakhoza kusamuka, kapena kukwatira, kapena kuphunzitsa mwana wace nchito ya manja, osayamba wapempha kwa mbuyeyo. Waciwiri unali wa cipembedzo. M'maiko ambiri a Maria Theresa mpingo wololedwa unali wa Akatolika wokha. Aprotestanti anapemphera mobisika, ndipo opezeka anacotsedwa kwao natumizidwa kutali ku Transylvania. Wacitatu unali wa pa bwalo la mirandu. Munthu woganiziridwa mlandu waukuru anazunzidwa thupi kufikira atabvomera, ndipo buku la malamulo la caka ca 1768 linali ndi zithunzi zoonetsa zipangizo zozunzira ndi magwiritsidwe ace.

Nzeru zatsopano

Pa nyengo yomweyo maganizo ena analikufalikira ku Ulaya. Anthu anakumbukira nkhondo yoopsya ya zaka 30, kuyambira 1618 kufikira 1648, imene inayamba ndi makani a cipembedzo niipasula midzi yosawerengeka ya ku Germany ndi Bohemia. Pambuyo pace, m'caka ca 1687, Isaac Newton wa ku England anaonetsa kuti mphamvu imene igwetsa cipatso pansi ndiyo yomwe isunga mwezi m'njira yace. Pamenepo anzeru anayamba kufunsa kuti, ngati zakumwamba ziyenda ndi malamulo amene munthu akhoza kuwazindikira ndi nzeru, nanga maweruzidwe a dziko alekerenji kuyesedwa ndi nzeru yomweyo?

John Locke analemba m'caka ca 1689 kuti cikhulupiriro sicilowa mu mtima ndi lupanga, ndi kuti mfumu ilandira mphamvu yace mwa kubvomereza kwa anthu. Voltaire wa ku France analimbira mlandu wa Jean Calas, Mprotestanti wa ku Toulouse amene anaphedwa m'caka ca 1762 pa mlandu wonama, kufikira bwalo linamyeretsa dzina patapita zaka zitatu. Cesare Beccaria wa ku Milan, munthu wa m'dziko la Maria Theresa mwini, analemba m'caka ca 1764 kuti kuzunza sikuturutsa coonadi, popeza wocimwa wolimba thupi apirira napulumuka, koma wosacimwa wofoka abvomera cimene sanacite. Nyengo imeneyi anaicha ya Kuunika. Anzeruwo sanali a mtima umodzi: ena ananyoza cipembedzo, ena anali anthu opemphera.

Joseph anakhala Mkatolika kufikira imfa yace, koma anatenga zinthu ziwiri kwa anzeru aja. Coyamba, kuti mfumu ndiye mtumiki woyamba wa dziko, ndipo cuma ca dziko si cace. Caciwiri, kuti mwambo wosathandiza anthu uyenera kucoka, ngakhale ukhale wakale cotani. Koma cija ananena Locke, ca kubvomereza kwa anthu, iye sanacitenga. Tisunge mau awa, pakuti mbiri yonse ya Joseph ipachikika pamenepa.

Mwana ndi amace

M'nyumba mwace Joseph anaona zowawa ali mnyamata. M'caka ca 1760 anakwatira Isabella wa ku Parma, namkonda kwambiri, koma nthomba inamtenga m'caka ca 1763. Mkazi waciwiri anamwalira ndi nthenda yomweyo m'caka ca 1767, ndipo mwana wace wamkazi, amene anatsala yekha, anamwalira m'caka ca 1770 ali wa zaka 7. Sanakwatirenso. Kuyambira pamenepo anadzipereka ku nchito usana ndi usiku, nakhala munthu wouma mau, wosapirira ulesi wa ena.

Atate wace atamwalira m'caka ca 1765, Joseph analandira dzina la Kaisara, nayamba kuweruza pamodzi ndi amace, koma mau otsiriza anali a amace. Cuma cambiri cimene atate wace anamsiyira anacipereka kuti cicepetse ngongole za dziko. M'caka ca 1766 anatsegulira anthu onse nkhalango ya Prater, imene kale inali yosakamo mafumu ndi akalonga okha. Anayenda maulendo ambiri modzicepetsa, nadzicha Falkenstein kuti asamlandire ndi maphwando, ndipo pa njala yaikuru ya ku Bohemia anapita yekha m'caka ca 1771 kukaona umo alimi analikufera.

Maria Theresa nayenso anakonza zambiri. M'caka ca 1774 analamulira kuti ana a zaka 6 kufikira 12 aphunzire sukulu. M'caka ca 1775, alimi a ku Bohemia ataukira ambuye ao, anaika malire kuti thangata lisapitirire masiku atatu pa sabata. M'caka ca 1776 analetsa kuzunza pa bwalo la mirandu, mwana wace ndi aphungu ena atamuumiriza. Koma mai ameneyu anayenda pang'ono pang'ono, nanyengerera akalonga, ndipo za ufulu wa cipembedzo anazikana ndithu. Pamene m'caka ca 1777 kunapezeka Aprotestanti ambiri obisika ku Moravia, mai ndi mwana anatsutsana kolimba m'makalata ao. Joseph anadikira zaka 15, mtima uli kutentha.

Zaka khumi za ufumu

Maria Theresa anamwalira pa 29 Novembala, 1780, ndipo Joseph anatsala yekha pa mpando. Pomwepo malamulo anayamba kuturuka ngati madzi a mvula yoyamba, ndipo m'zaka zosakwana khumi anaposa 6,000.

Pa 13 Okutobala, 1781, anaturutsa lamulo la kulolerana. Akristu a mpingo wa Luther, a mpingo wa Calvin ndi a mpingo wa Orthodox analoledwa kupemphera monga mwa cikumbu mtima cao. Pamene panali mabanja 100 anakhoza kumanga nyumba yopemphereramo, koma yopanda nsanja, yopanda belu, ndi khomo losapenya ku mseu. Ufuluwo unali wosakwanira, komabe anthu zikwi zambiri anaturuka poyera, ena a iwo ocokera m'mabanja amene anabisa mabuku ao opemphera mibadwo ingapo. M'caka ca 1782 anapeputsanso goli la Ayuda a ku Vienna, nacotsa msonkho wonyazitsa umene anapereka pa thupi lao, nawalola kulowa m'masukulu ndi kuphunzira nchito za manja.

Pa 1 Novembala, 1781, anamasula alimi a ku Bohemia ndi Moravia. Kuyambira tsiku lija mlimi anakhoza kukwatira, kusamuka ndi kusankha nchito wosapempha mbuye wace. Lamulo lotere linafika ku Hungary m'caka ca 1785. Thangata lokha linatsala, ndipo tidzaona m'tsogolomu cimene cinacitika pamene analikhudza.

M'caka ca 1784 anatsegula cipatala cacikuru ca ku Vienna, ca malo a odwala 2,000. M'menemo munali nyumba imene mkazi wosakwatiwa anakhoza kubaliramo wosachula dzina lace, kuti manyazi asamfikitse pa kutaya mwana. M'caka ca 1787 anacotsa cilango ca imfa pa mirandu ya masiku onse. Ndipo m'nyumba yace yacifumu munali likole limene munthu ali yense, ngakhale mlimi, anakhoza kuimapo ndi kupereka dandaulo lace m'dzanja la Kaisara mwini.

Za mabuku ndi zoyimba nazonso zinasinthika. M'caka ca 1781 anafewetsa lamulo la oyesa mabuku, nalola kuti anthu asindikize ngakhale mau omdzudzula iye mwini, ndipo timabuku tambirimbiri tinadzaza misika ya ku Vienna. Anakhulupirira kuti nyumba ya masewero iri ngati sukulu ya akuru. Cifukwa cace anafuna masewero oyimba a m'Cijeremani, cinenedwe ca anthu a m'mudzimo, pamene kale akalonga anakonda a m'Ciitaliya. Wolfgang Amadeus Mozart, amene anadza kudzakhala ku Vienna m'caka ca 1781, anapeka sewero lotere m'caka ca 1782. M'caka ca 1786 Joseph analola sewero lina la Mozart, la Figaro, m'mene wanchito aposa mbuye wace nzeru, ndipo mbuyeyo apempha cikhululukiro pamaso pa onse. Akalonga anakhala pansi naonerera zimenezi m'nyumba ya masewero ya Kaisara.

Pamene anapunthwa

Tsono tiyenera kunena mbali yina, pakuti mbiri yonena zabwino zokha siithandiza munthu. Joseph anayesa kuti cinthu cikaoneka colungama m'mutu mwace, anthu onse ayenera kucilandira tsiku lomwelo. Sanasonkhanitsa bwalo la akuru a ku Hungary ngakhale kamodzi, ndipo aphungu omcenjeza anawayesa aulesi kapena amantha.

Analowerera za mpingo kopitirira. Kuyambira 1782 anatseka nyumba za amonke ndi asistere amene sanaphunzitsa ana kapena kusamala odwala, ndipo zotsekedwa zinafika ngati 700. Cuma cace sanadya yekha: anamangira mipingo yatsopano, pofuna kuti munthu asayende koposa ora limodzi popita kukapemphera. Koma anafika pa kulamulira ngakhale kuwerenga kwa makandulo a pa guwa, naletsa maulendo opembedza amene anthu a m'midzi anawakonda. Papa Pius VI anayenda ulendo wautali kufika ku Vienna m'caka ca 1782 kudzamdandaulira. Joseph anamlandira ndi ulemu, koma sanabweza kanthu kakukuru.

M'caka ca 1784 anakhudza maliro. Poona kuti matabwa alikuonongeka, analamulira kuti mitembo isokeredwe m'matumba a nsaru, ndi kuti bokosi limodzi, lotseguka pansi, linyamule akufa onse a pa mudzi kunka kumanda ndi kubwerako. Powerenga ndarama lamulolo linali lanzeru. Koma anthu amene anapirira msonkho ndi thangata sanapirira kuona amai ao atayidwa m'dzenje ngati thumba, ndipo anakwiya kotero kuti mfumu inabweza lamulolo itangopita miyezi yowerengeka. Alimi omwe aja anawamasula anayamba kumuopa.

Cifundo cace comwe cinali ndi mbali youma. M'malo mwa cilango ca imfa, akaidi anamangidwa maunyolo nakoka ngalawa zolemera m'mbali mwa mtsinje wa Danube, ndipo ambiri anafera pa nchitoyo. Pamene timabuku tomdzudzula tinacuruka, anakuza nchito ya azondi, nayambanso kumanga ufulu wa osindikiza umene anaupereka yekha.

Ku Hungary anakana kubvekedwa korona wa dzikolo, popeza pobvekedwa akadalumbira kusunga malamulo ace akale. M'caka ca 1784 anatenga koronayo namsunga ku Vienna, nalamulira kuti nchito zonse za boma zilembedwe m'Cijeremani m'malo mwa Cilatini. Iye anati cinenedwe cimodzi cifulumiza nchito, koma Ahungary anaona kuti alandidwa ulemu wa mtundu wao. Ku Belgium anapasula mabwalo akale a mirandu ndi a akuru, naika ace atsopano. Potsiriza, m'caka ca 1789, analamulira kuti thangata lisanduke ndarama, ndi kuti pa magawo 100 a zokolola mlimi asunge 70, otsalawo agawane boma ndi mwini munda. Ili linali lamulo lokomera alimi koposa onse, koma linadza pamene mfumu inalibe ndi mmodzi yense womuimira kumbuyo. Akuru a kwathu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene Joseph ananyamula linali la maiko ambiri.

Imfa yace

M'caka ca 1788 analowa nkhondo yomenyana ndi Turkey, pothandizana ndi Catherine II wa ku Russia. Anapita yekha ku misasa, kumene malungo ndi nthenda zina zinapha asilikari ambiri, nabwerako wodwala cifuwa cacikuru. Ali gone pa mphasa, mithenga yoipa inadza motsatana. Ku France anthu anaukira mfumu yao m'caka ca 1789, ndipo mkazi wa mfumuyo anali Marie Antoinette, mlongo wace wa Joseph. Ku Belgium anthu anapitikitsa asilikari ace, nalalikira m'mwezi wa Januwale, 1790, kuti sali anthu acenso. Akalonga a ku Hungary anali pafupi kucita comweco.

Pa 28 Januwale, 1790, Joseph analemba dzina lace pa kalata wofafaniza malamulo amene anaikira Hungary, nalola kuti korona abwerere kwao. Anasiyako atatu okha: la kulolerana pa cipembedzo, la kumasula alimi, ndi la kusamala mipingo ya m'midzi ndi ansembe ace. Anamwalira pa 20 Febuluwale, 1790, ali wa zaka 48, wopanda mkazi kapena mwana pambali pace. Ku Bonn mnyamata wa zaka 19, dzina lace Ludwig van Beethoven, anapeka nyimbo ya maliro ace.

Mphwace Leopold II analowa ufumu, nayanjana ndi akalonga, nafafaniza lamulo lija la msonkho ndi thangata. Alimi anadikira zaka zina 58, pakuti thangata linatha m'maiko a Austria m'caka ca 1848. Cilango ca imfa cinabweranso. Koma lamulo la kulolerana linakhala, ufulu wa mlimi wa kukwatira ndi kusamuka unakhala, mipingo imene anamanga inakhala, ndipo kuzunza pa bwalo la mirandu sikunabwerenso. Patapita zaka zambiri, anthu a m'midzi ya ku Bohemia, Moravia ndi Austria anamuimikira zikumbutso, ndipo pa zina anajambulapo Kaisara ali ndi pulao m'manja.

Cimene tiphunzirapo

Tikayang'ana zimene zinakhala ndi zimene zinagwa, tiona kuti malamulo ambiri amene anakhalitsa ndiwo anayankha kulira kumene anthu analira kale m'mitima mwao. Mprotestanti wobisika sanasowa womuuza kuti kupemphera poyera nkwabwino, ndipo mlimi anadziwa yekha kuwawa kwa kupempha cilolezo ca ukwati. Koma za maliro, za cinenedwe ndi za mapemphero a m'midzi zinagwa msanga, popeza mfumu inaziyesa ndi nzeru ya m'mabuku, yosafunsa eni ace cimene zinthuzo zinali kwa iwo. Ndipo lamulo labwino la thangata linagwa pamodzi nazo, cifukwa pofika tsiku lace mfumu inali itatha abwenzi. Amene analipira kufulumira kwace ndiwo alimi omwe anawakonda.

Sitinena kuti Joseph akadaleka kukonza zoipa. Pakadapanda kulimba mtima kwace, anthu ambiri akadafa asanalawe ufulu, ndipo amace, amene anayenda mocenjera, sakadalola kulolerana konse. Nzeru ya kulingalira inacotsa zipangizo zozunzira pa bwalo la mirandu, ndipo tiyenera kuiyamika. Koma anzeru omwe aja anaphunzitsanso kuti munthu ali yense ali nayo nzeru, mlimi ndi mkazi wamasiye yemwe, ndipo mfumu imene ikhulupirira zimenezi iyenera kumva anthu ace asanaturuke malamulo. Joseph analandira madandaulo a anthu pa likole lace, koma pa kupanga malamulo anakhala yekha.

Mwa owerenga athu alipo anyakwawa, aphunzitsi, akuru a mpingo ndi eni mabanja, ndipo yense wa iwo tsiku lina adzaona cinthu cokhota cimene anzace sanacione. Pa tsiku limenelo akumbukire Kaisara wa ku Vienna, amene anagwira khasu la mlimi ndi mtima woona, koma sanakhala pansi ndi eni dziko kupangana nao za malimidwe ace.